Ndevu za Madala Abudo

Lolemba, 5 Ogasiti

Tikadali pa nangula kunja kwa doko la Beira. Boti la m'mawa latibweretsera Shefi Tembe, mkulu wochokera ku ofesi ku Maputo, nsapato zonyezimira ngati akupita ku ukwati. Akuti woyendera wa kampani yomwe imatipatsa mafuta onyamula abwera Lolemba likudzali. Akatipeza ndi zolakwa zambiri, sitima imangidwa pa doko, tonse kumudzi.

Ine monga kapitawo wandilozera chala pamphuno: "Iwe Juvêncio, anthu ako akalephera, walephera ndiwe."

Tsiku lonse kupaka penti pamwamba pa dzimbiri. Dzimbirilo sitikuligogoda n'komwe, nthawi palibe. Sitima yakalamba iyi tikuidzoza ngati mkwatibwi.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Lero zoyeserera kuvala masiki a mpweya, aja ophimba nkhope yonse olumikiza ku botolo la kumsana. Aliyense atseke mpweya, akoke, masiki amamatire kumaso. Onse zatheka kupatula Madala Abudo, mwini chipinda cha mapampu. Awo mpweya ukungoti fyoo m'mbali, ndevu zatchinga.

Ndevu zawo si zamasewera, zoyera, zofika pachifuwa. Sanazikhudze ndi lumo chibwerere ku Haji, ine ndisanayambe n'komwe ntchito ya panyanja.

Tembe sanakweze mawu. "Madala, sankhani. Ndevu kapena sitima."

Madala angoseka poyesa nthabwala. Akuti oyendera ambiri adutsa muno, palibe anawafunsapo za chibwano chawo. Tembe sanaseke nawo.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Zoyeserera kupulumutsa munthu wokomoka pansi m'chipinda cha mapampu. Chidole chomwe timanyamula chinaola kalekale, mutu unaduka. Tembe akuti poti Madala sangavale masiki, ndiye akhale wokomokayo.

Tawamanga pa machira, n'kuwakoka ndi chingwe kuchokera pansi penipeni. Mutu kugunda makwerero. Tembe ali ndi wotchi m'manja: mwachedwa, bwerezani. Tawatsitsa, tawakokanso, mpaka dzuwa kupendeka. Sanadandaule, amangotsinzina, ndevu zili pololo kunja kwa malamba.

Anyamata awapatsa dzina: Mtembo. Pa chakudya Dércio wophika wawalanda mbale ya matapa, ndiwo zija za chigwada, amvekere, "Pepani Madala, akufa sadya." Ndinaseka mpaka kutsamwa, ndisaname. Zinali zoseketsa basi. Iwo anatenga buledi wouma n'kukadyera panja.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Penti. Mtembo kawiri. Msana wanga ukuwawa, nkhalambayi ndi yolemera kuposa mmene imaonekera.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Atatha kuswali Madala andipeza kumutu kwa sitima ndikusakaniza penti. Chipumi chatupa mbali imodzi.

"Mwananga, kandifunsire. Ndikameta andisiya?"

Akuti pa msinkhu wawo palibe sitima ina ingawatenge, akatsika pano atsikiratu. Ndipo kumtunda akachita chiyani munthu amene amangodziwa mapampu?

Ndapita kwa Tembe. Anali pa foni, sanandiyang'ane. "Amete kaye, tiona."

Kwa Madala ndakanena kuti Shefi avomera. Kodi "tiona" si kuvomera komweko? Ine ndatopa nayo nkhaniyi, ndili ndi anthu ena oti ndiwaphunzitse kuyankha mafunso, ena sadziwa ngakhale komwe kuli pampu yozimitsira moto. Nkhalamba imodzi isandiphetse ndi ubweya wake.

Loweruka, 10 Ogasiti

Abwera okha m'chipinda changa ndi sizasi, lezala ndi sopo. Akuti ndiwamete ineyo. Anayala thaulo pamiyendo kuti ndevu zisagwere pansi. Nthawi yonseyo milomo ikuyenda, mawu osamveka.

Zomwe zinatuluka pansi pakezo! Kachibwano kakang'ono kotuwa, masaya olowa m'kati, mano a m'mbali kulibe. Ndinkadziwa munthu wolemekezeka amene ngakhale kaputeni amamupatsa moni ndi manja awiri. Pampandopo panatsala kankhalamba kodwala. Ndinamva chisoni, komanso kunyansidwa, sindidziwa chinachuluka n'chiti.

Ndevuzo anazikulunga bwinobwino m'thaulo n'kupita nazo.

Masana anavala masiki pamaso pa tonse. Anamamatira nganganga. Madala kusangalala ngati mwana, kuzungulira pamwamba ponse botolo lili kumsana kuti aliyense aone. Atavula, anyamata anagwa nacho chiseko. Dércio amvekere, "Abale, ndani wasosola nkhuku yanga ya mawa?"

Tembe anawayang'anitsitsa nthawi yaitali. Kenaka kwa ine chapansipansi: "Nkhope iyi woyendera akaiona afunsa za chipatala."

Lamulungu, 11 Ogasiti

Boti labwera m'mawa ndi masamba, nsomba ndi munthu. Mnyamata wonenepa, chikwama chatsopano, dzina lake Hélder. Akuti ndi wa mapampu watsopano. Ndevu zakuda bii, zodulidwa mwa sitayilo, zonunkhira mafuta.

Ndikumuthandiza chikwama anandidandaulira kuti watopa kugona kogona alendo, wakhala akudikira mu Beira chiyambire Lachitatu.

Lachitatu.

Ndiye kuti anamuitana kale, Madala asanamete n'komwe. Ndinafunsa Tembe ngati uyunso ndimumete. "Musiye mlamu wanga. Adzakhala m'chipinda chake mpaka woyendera apite."

Amene anawauza Madala kuti ntchito yatha ndi kaputeni, osati Tembe. Akuti kampani ikuthokoza, akapume. Boti silidikira, ndiye katundu wawo tinawalongedzera ndife, zina m'matumba a mpunga. Potsika makwerero a chingwe anali atakulunga kansalu kumaso ngati wodwala dzino. Ali pakati anayang'ana m'mwamba kufunafuna ine. Ndinali wotanganidwa ndi chingwe cha katundu.

Wina kumbuyo kwanga anayamba nyimbo ya maliro, ena n'kuvomera.

Lolemba, 12 Ogasiti

Woyendera wafika titakocheza pa doko la mafuta. Munthu waulemu, wamagalasi. Wasuzumira apa ndi apo, wawerenga mapepala ndi kaputeni, wafunsa anyamata awiri za pampu ya moto, ayankha monga ndinawaphunzitsira. Wadya nkhanu za Dércio n'kuziyamikira. Zolakwa wapeza zazing'ono zokhazokha.

Takhoza. Mutu wanga wapepuka.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Tadzaza dizilo wa ku Nacala, tinyamuka madzi akakwera. Tembe watigulira Fanta ndi nkhuku zootcha. Tili mkati mwakudya foni yanga yalira. Madala.

"Mwananga, takhoza?"

Ndati takhoza. Amvekere, "Alihamdulila." Kumbuyo kwawo kukumveka oitanira mabasi.

Ndinawafunsa ngati ali pa ulendo wa kwawo ku Angoche. Ayi, sanakwere. Akuti mayi a kunyumba sangawaone chonchi, ngakhale anzawo a ku mzikiti. Akhala kaye pa depoti mpaka ndevu zimereko pang'ono, mlonda wina wawalola kugona kuseri kwa ofesi ya matikiti. Kenaka anafunsa, mawu atatsika:

"Nanga masiki aja anawayesa anthu? Anaona kuti onse akumamatira?"

Ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndiname. Dércio ananditsomphola foni, mafuta a nkhuku ali m'manja.

"Mtembo, muli bwanji kumandako? Za masiki iwalani, kabati yake woyendera sanaitsegule n'komwe."

Anandibwezera foni akuseka. Ndinaiika kukhutu. Sanadule. Ndimamva kupuma kwawo, ndi mnyamata akukuwa Nampula, Nampula, malo awiri. Ndinati Madala, Madala. Foni sanaidulebe.

Kaputeni waitana pa wailesi kuti tikamasule zingwe. Foni ndaisiya pa tebulo ikadali yoyaka.