Mbale 14 Yaikira Mazira

Lolemba, 3 Malichi

Tinyongolotsi ta m'mbale 14 mu labu yathu taikira mazira. Sitiyenera kutero. Timeneti tilibe ka RNA kakang'ono kaja, kamene kamatseka pakamwa jini ya ukhanda, kachidutswa ka chibadwa, kuti thupi likule. Popanda kameneka potulukira mazira sipapangika, ana amaswa m'mimba n'kudya mayi wawo. Zaka zonsezi pa maikulosikopu, komabe ndikaona ndimachita tsemwe.

Magalasi, mtsikana wathu wa digiri, anabaya tinyongolotsiti ndi ka RNA kosowako kuti aone ngati ana a timeneti angachire. Ataona mazira anakuwa, "Achemwali, zatheka!" Ine ndinangoyang'ana chivundikiro cha mbaleyo.

Lachiwiri, 4 Malichi

Ndilembe pano poti pakamwa zikukana kutuluka. Tsiku losamutsa tinyongolotsi ndinalemba manambala pa zivundikiro. Lamulo loyamba mu labu: lemba kunsi kwa mbale, chivundikiro chimayenda. Amene amakalipira atsopano za zimenezi ndine ndemwe! Foni inalira, a kusukulu, mwana watentha thupi. Pa benchi panali mbale ziwiri zosavundikira, 14 ndi 9. Ya 9 ndi ya tinyongolotsi tabwinobwino. Ndinavundikira mothamanga, osayang'ana kuti chivundikiro chiti n'cha mbale iti, n'kutuluka.

Lachitatu, 5 Malichi

Ndafufuza mbale 9. Palibe. Inachita nkhungu, ndinaitaya ndekha.

Lachinayi, 6 Malichi

A Pulofesa asuzumira nthawi yaitali. Akuti, "Mayi, inu simunasokonezepo mbale chiyambire, n'chifukwa chake ndikukhulupirira." Akuti Lolemba Magalasi akaonetse zotsatirazi kwa omuyesa mayeso. Ndamumva pakhonde akuuza amayi ake pa foni, akulira ndi chimwemwe. Ndinathawira kuchimbudzi.

Loweruka, 8 Malichi

Ndauza bambo a mwana. Akuti, "Ingokhala chete iwe, nyongolotsi zimalankhula?" Abale, amuna! Zimalankhula ndithu. Ena akadzabwereza kafukufukuyu n'kukanika, dzina la papepala la zotsatira si langa. Wabodza adzakhala Magalasi, zaka zake zitatu kupita pamadzi. Koma ndikanena, ntchito ndikhala nayobe? Ndikuopa uku, ndikuopa uko.

Lolemba, 10 Malichi

Ndinamupeza Magalasi m'mawa akukonza zithunzi pa kompyuta, atavala diresi latsopano. Ndinanena zonse nditaimirira, foni, zivundikiro, nkhungu. Anavula magalasi. Sindinamuonepo opanda, nkhope ya kamwana ndithu.

"Munadziwa liti?"

"Lolemba lapitali."

"Sabata yathunthu mukundionerera ndikuvina?"

Anatenga mbale 14, anaitembenuza. Kunsi kopanda kanthu. Anandiika m'manja.

"Nyamulani nokha. Ine ndiima kumbuyo kwanu, koma sinditsegula pakamwa."

Pano ndili pampando wa pakhomo la a Pulofesa, mbale pamiyendo, cholembera m'manja. Ali pa foni m'katimo, akuseka, ndamva akutchula mazira. Magalasi wagogoda kale.