Firiji Yomwe Yaoletsa Mbuzi ya Chinkhoswe

Lachinayi, mwezi wa Okutobala. Kwatentha, ndipo mkwiyo sunandithebe.

Firiji yatsopano ija bambo a Tadala anagula ku Muloza yafa chaka chisanathe. Dzana anakokota ayezi ndi mpeni monga ankachitira ndi yakale ija, n'kuboola kapaipi. Sanandiuze. Lero pochokera kothyola tiyi ndaitsegula, fungo lake ndachita kubwerera chammbuyo. Nyama yonse ya mbuzi ya chinkhoswe cha mwana wanga Tadala yabiriwira.

Nditaona bowo la mpenilo n'kuwafunsa bambo a Tadala, angoti, "Mayi a Tadala, zinthu za masiku ano sizilimba."

Ndatenga musi. Ndaimenya mpaka chitseko chaguluka, magalasi ake mbwee pansi. Atandigwira mkono ndawaluma mpaka magazi. Sindinapepese.

Yakale ija inali yadzimbiri, koma ikazima umangoimenya chibakera m'nthiti, n'kudzuka. Bambo a Tadala anaigulitsa kwa oyandikana nafe, ati imatichititsa manyazi kukabwera alendo.

Akuchimuna afika Loweruka. Ndiwadyetsa chiyani?

Makoma a nyumba za kampanizi ndi opyapyala. Ndikulemba pano ndikuimva yakale ija ikulira kuseriku, ikuziziritsa madzi a eni ake.