Dalisensa

Amayi anga, kodi kumene muliko mukupeza bwanji? Ife kuno kunja ku Brampton tili bwino, kungoti bondo lija munkati ndinatengera kwa abambo layambanso kuvuta. Zaka ziwiri zakwana chikuikireni m'manda, koma Loweruka likafika dzanja limapitabe lokha pa foni kuti ndikuimbireni.

Nkhani zilipo. Kwa achimwene a Lemekezani ku Lizulu kwabadwa mwana wamkazi, ndipo akuti chipumi ndi chanu chenicheni. Kachewere chaka chino wawachitira bwino, mpaka afolera khitchini ndi malata. Nane kuno ndinalima kadimba kuseri kwa nyumba: mpiru, nkhwani ndi mizere iwiri ya chimanga. Mpiru tadya mpaka kugawirako anzathu a ku Chipata amene timapemphera nawo. Chimanga ndiye ndinalimira agologolo. Bambo a Tadala amangoseka pawindo, ati nawonso ndi zolengedwa za Mulungu. Inu munkati wolima sadya yekha, koma agologolo akunowa alibe manyazi, amadya akukuyang'ana m'maso. Ntchito ndi yomwe ija yosamalira okalamba, ndipo ndikamawapesa tsitsi ndimakumbukira lanu.

Koma chimene ndakhalira pansi lero ndi nkhani ya chiliza chanu. Tagwirizana kuti tidzachivundukule mvula isanayambe. Achimwene ananditumizira pa foni mawu oti alembedwe pamwalapo: dzina lanu, zaka zanu, ndi kuti kwanu ndi ku Ntcheu. Anandifunsa ngati tiwonjezepo zoti munabadwira tsidya lija la msewu, ku Angoniya, m'dziko la Mozambique. Ine ndinayankha msangamsanga kuti ayi, mawu achuluka. Amayi, silinali vuto la mawu kuchuluka. Inu mukudziwa chimene chinali.

Ndiye mwezi wathawu mdzukulu wanu Tadala anamutuma kuntchito kwawo ku Markham kuti akakhale nawo pa msonkhano ku Lisbon, ku Portugal. Ananditenga, ati ndikaoneko dziko ndisanayambe kuyendera ndodo. Mwamumva mwana wamwanoyo? Masiku a msonkhano ndinkangokhala ku hotela kuonerera magalimoto. Tsiku lomaliza ndi limene anati tipite ku dera lakale la mzindawo, lotchedwa Alfama.

Amayi, kumeneko ndi kumudzi ndithu, kungoti mudziwo anautsekera pakati pa tauni. Tinakwera kasitima kachikasu koyenda mumsewu, kokukuta mano pokhota paliponse, ndipo titatsika ndinayamba kukayika ngati tidakali ku Ulaya. Tinjira take ndi topanikiza moti anthu awiri onenepa ngati ine sangapatukirane. Nyumba zinagundana mapewa, zochapa zili lendelende pamwamba pa mitu yathu, ngakhale zamkati zimene ife timayanika mobisa. Azimayi achikulire akhala pazitseko, kukalipirana kuchokera khomo lino mpaka khomo ilo, sudziwa ngati akukangana kapena akupatsana moni. Bambo wina amaotcha nsomba pambaula panja penipeni, utsi uli tolotolo, ndipo fungo lake linanditengera pamsika wa Lizulu tsiku la msika. Ndinasangalala, Amayi, ndisakunamizeni. Ndinadya nsombazo ndi manja, Tadala akundiponda phazi pansi pa tebulo.

Vuto la kumeneko ndi masitepe. Ukamaliza ena, ena akukudikira. Bondo litakana, ndinakhala pansi pa sitepe pafupi ndi khomo lina lotsegula, lotchinga ndi nsalu yokha. Tadala anaima potero akujambula matailosi a pakhoma. Kenaka panatulukira mayi wina wokalamba, wamfupi, wovala zakuda, atanyamula mbale yovundikira ndi kansalu. Anaima pakhomo paja, osagogoda, n'kuitana:

"Dalisensa!"

Ine pakamwa panangotseguka pokha. "Lowani!" ndinatero, mokweza, m'Chichewa, pakhomo pa eni ake. Mayi uja anacheuka n'kundiyang'ana, kenaka anaseka mpaka mbale kugwedera. Mwininyumba, mayi winanso wachikulire, anasuzumira, nayenso n'kuyamba kuseka osadziwa chimene akuseka. Ndinaseka nawo, koma kuseka kwanga kunasanduka kwina, ndipo misozi inayamba kutsika yosaiitana.

Mawu amenewo ndinali nditatha zaka makumi atatu ndi kuposa ndisanawamve. Ndi mmene inu munkaodira. Anthu onse ankati odi, inu munkati dalisensa, poti ndi mmene munaphunzirira muli mtsikana, mukugwira ntchito m'nyumba ya Apwitikizi kwanu kuja. Tili ana tinkangoti ndi mawu a amayi, basi. Koma mukukumbukira tsiku lija munabwera kudzandiona ku sekondale, nthawi imene anthu othawa nkhondo ku Mozambique anadzaza m'midzi yathu ndipo ana asukulu ankawanyoza? Munayenda ulendo wonse uja ndi chigumu ndi mtedza wokazinga, n'kuima pakhomo la hositelo, n'kunena mawu anu aja. Atsikana anaseka mpaka kugwa pamabedi. Dzina langa linasanduka Dalisensa mpaka folomu folo. Pokuperekezani ku basi ndinakuuzani kuti, "Mukabweranso muzinena odi ngati anthu." Simunandikalipire. Munangokonza mpango kumutu n'kunena kuti mwamva. Ndipo chiyambire tsiku limenelo sindinakumveninso mukuwatchula ine ndili pafupi. Ndinkayesa kuti ndapambana.

Tadala anathamanga, kuganiza kuti ndi bondo. Ndinamukhazika pambali panga pa sitepe pomwepo n'kumuuza zonse. Mwanayo sankadziwa n'komwe kuti agogo ake anabadwira ku Mozambique, chifukwa ine sindinamuuzepo. Mukumudziwa, ukamulankhula Chichewa amayankha Chingerezi. Anandifunsa m'Chingerezi chakecho chifukwa chimene ndinamubisira. Kenaka anakoka Chichewa chake chonse n'kunena kuti, "Ndiye agogo anali ndi zilankhulo ziwiri, inu munawalanda imodzi." Ndinafuna kumukonza kuti ndi chimodzi, osati imodzi, koma ndinaona kuti wolakwa pamenepo sanali iye.

Amayi awiri aja sanatisiye. Anatulutsa mpando ndi madzi akumwa, n'kuvundukula mbale ija kutipatsa timakeke ta mazira. Sitinkamvana, koma tinacheza. Ndinawalozera nsapato yanga n'kutchula dzina lake, iwo anakuwa kuti ndi momwemo kwawonso. Ndinatchula mbatata, chimodzimodzi. Kani mawu ena a Apwitikizi tonse timawatafuna tsiku ndi tsiku osadziwa, koma ine ndinasankha kuchita manyazi ndi anu okha.

Titangofika ku Brampton ndinawaimbira achimwene kuti mawu aja asinthidwe. Anayamba adandaula kaye, mukuwadziwa, ati wosema mwala anali atalemba kale mzere woyamba, ati anthu akunja mumasintha maganizo ngati nyengo yanu. Kenaka anavomera. Pamwala panu padzalembedwa kuti munabadwira ku Angoniya, ndi dzina la mudzi wanu lomwe, ngakhale mawu achuluke mpaka kuseri.

Ndisanadule foni anandiuza china chimene chandikhala pamtima. Akuti mng'ono wanu, amayi aang'ono a Rozina, ali moyo. Anabwera pamaliro anu wapansi, ndipo anakhala kumbuyo pamodzi ndi anthu ongodzakhuza. Akuti ine ndinawapatsa dzanja n'kupitirira, ngati mmene ndinachitira ndi aliyense. Iwo anandizindikira, koma anauza achimwene kuti asandivutitse, poti anamva kalekale kuti mwana wa ku sukuluyo sakonda za tsidya lija la msewu.

Amayi, ndakwera ndege kuwoloka nyanja yamchere kukamva mawu anu pakhomo la mlendo, chonsecho kwanu n'kongodumpha msewu pa Lizulu, ndipo phazi langa silinapondeko. Ndikhululukireni. Ndikudziwa kuti munakhululuka kale pa basi paja, koma ine ndinali ndisanapemphe.

Tchuthi ndapempha kale ndipo andipatsa. Tadala akuti abwera nawo. Tikadzafika, tisanapite n'kumanda komwe, tidzawoloka msewu uja tonse awiri kukawatenga amayi aang'ono kunyumba kwawo. Ndidzagwada n'kuwauza dzina langa ndi la mayi anga. Pa tsiku la chiliza adzakhala kutsogolo, pampando, ndipo nsalu yophimba mwala wanu adzachotsa ndi iwo. Ili ndi lonjezo langa, bondo lifune lisafune.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani. Pitirizani kuusa mumtendere.

Ndine mwana wanu,
Esinati