Chibenthu Choyamba N'cha Galu

Elko, Nevada

Benat mlongo wanga,

Tandiuza, nkhanu za ku Alaska zimalankhula Chibasiki? Ngati ayi, ukutani kumeneko pamene wofuna chilankhulocho ali kuno?

Pepa, ndayamba ndi ndewu. Uli bwanji? Chala chija chinapola? Nanga mlamu Dorie ndi ana? Ine ndilipo, mawondo okhawa.

Bambo Chingelezi chawathawa. Kunyumba ya okalamba kuja unawasiya, pakamwa pawo pakutuluka Chibasiki chokhachokha, chilankhulo cha kwawo kumene anabadwira, ine n'kungoti kukamwa yasa. Ukudziwa mmene makolo anatigawanira. Iwe bambo anakutenga kumapiri ku nkhosa, ine ndinatsala kukhitchini ndi malemu mayi, n'kuyamwa chilankhulo chawo cha ku Dalmatia. Sukulu sindinapite nayo patali, koma zilankhulo ziwiri ndili nazo. Chachitatu, chofunikacho, chili m'boti ndi iwe.

Bambo amakanda mawu patebulo ndi supuni, monga ankachitira ndi mpeni pamitengo kubusa. Namwino akawerenga amati ndi Chingelezi. Ine pa zilembo zomwezo ndimaona mawu a mayi. Tikawauza zimene tamva, amatiyang'ana ngati alendo osochera khomo.

Lachiwiri ndinayambana ndi anamwino. Akuti bambo akutaya chakudya pansi, ndiye awaletsa buledi, azingomwa phala. Ndinawafunsa ngati anaonapo mbusa akudya. Ndinati bambowa amalemba mtanda pabuledi, chibenthu choyamba n'kuponyera galu, ndipo salawa kanthu galu asanadye. Wamkulu wawo anati kuno kulibe galu. Ndinati maso ndili nawo, mayi, koma eni ake sakudziwa, ndipo woti awauze n'kumva akugwira nkhanu.

Dzulo ndinalowetsa buledi wanga mobisa m'chikwama. Ananyema, anaponya pansi, anaimba likhweru lija loitanira galu. Kenako anadikira, Benat. Sanadye. Anayang'ana kukhomo n'kutchula dzina lako, ndi mawu ena ambiri, ofewa, amene sindinawamvepo akuuza munthu. Mwina amakukhululukira za nkhosa unagulitsa zija. Mwina amakutukwana mwaulemu. Ine ndingadziwe bwanji?

Akuwonda. Lamba wawo ndamuboola kale bowo lina.

Ndakusowa, chitsiru iwe. Ndasowa phokoso lanu lija patebulo, inu awiri mukutinena ine ndi mayi tili pomwepo.

Mulungu akusunge pamadzipo. Undiperekere moni kwa Dorie, anawo uwapsompsone. Koma usanditumizirenso maluwa kapena chithunzi cha boti. Ndiwe unawalowetsa bambo m'nyumba mopanda owamva. Bwera udzakhale pambali pa bedi, uwauze kuti galu anadya kalekale, nawonso adye. Ukatero undiuze zimene akhala akunena, zonse, ngakhale zonditukwana.

Ndine mlongo wako,
Vinka