Laputopu M'thumba la Kondowole

Aphungu,

Ndikulemba ndi ukali. Ndine mayi wa ana atatu, ndimaphika pa loji ina kuno ku Kande. Loweruka la sabata yamawa tikuvundukula chiliza cha amayi anga ku Tukombo, ndipo ndinalonjeza abale kuti pamwambowo adzamva mawu awo. Kutatsala mwezi kuti atisiye, ndinawajambula akuimba nyimbo za kutchalitchi m'Chitonga, kenako akutchula zidzukulu zawo mayina. Kanemayo ali mu laputopu yanga basi, foni yomwe ndinajambulira inagwera m'madzi kalekale.

Ndiye amuna anga, a Oscar, amene amakonza mainjini a maboti, akuti laputopuyo ikuchedwa. Anawafunsa ndani? Anatola laputopu yakufa imene alendo anataya pa loji, n'kuzulamo kachipangizo kobiriwira kaja amati ramu. Ine ndili kuntchito, anachotsa ramu ya mu yanga n'kuikamo yotolayo. Chiyambire tsiku limenelo, ukaiyatsa imangolira katatu, sikirini ili bii.

Nditawafunsa anati, "Ndi chinyontho cha kunyanja kuno, amake Ganizani, musadandaule." Anamva kuti foni yonyowa amaiika mumpunga, koma mpunga m'nyumba munalibe. Aphungu, munthu wamkulu ndi ndevu zake anakwirira laputopu yanga m'thumba la ufa wa kondowole! Lero ndi tsiku lachitatu ili momwemo, ati ndisaigwire mpaka iume.

Sindikuwalankhula. Chinanso, mng'ono wanga Christina wakhala akupempha kanemayu chaka chathunthu, ine n'kumamukaniza chifukwa sanabwere kudzadwazika ama. Ndikamuuza chiyani? Wokonza makompyuta wina akuti ndimupititsire aifufute yonse, ayambe pachiyambi. Kodi ama andisiya kachiwiri?

L.M., Kande.

Mayi L.M.,

Ikani kaye nyuzipepalayi pansi, pitani mukaifukule. Ufa sukonza kompyuta, umangotseka kafani koziziritsa mkati. A Oscar muwauze kuti nanenso andikwiyitsa. Laputopu si injini ya boti yoti munthu n'kumangosinthanitsa zitsulo, komanso katundu wa mkazi wako sutsegula mwini wake kulibe.

Tsopano mtima pansi. Kanema sasungidwa mu ramu. Inu ndinu wophika, mundimvetsa: ramu ndi tebulo lodulirapo ndiwo, pomwe zosungidwa zonse zili musitolo, imene ndi hadi disiki. A Oscar aphwanya tebulo, sitolo sanaigwire. Kulira kwake kumeneko nthawi zambiri kumatanthauza kuti ramu sinakhale bwino kapena si ya mtundu wake.

Sasani ufawo ndi kaburashi kouma, madzi ayi. Zulani chaja, chotsani batire ngati ndi lochotseka, ndipo dinikizani batani loyatsira kwa theka la mphindi. Gwirani kaye chitsulo, kaya chitseko chachitsulo, kuti magetsi a m'thupi mwanu asawononge za mkati. Tsegulani chivundikiro chapansi pa laputopuyo, kankhirani kunja timapini tiwiri tam'mbali mwa ramu yotolayo, idzuka yokha. Bwezeranimo yakale mopendeketsa, kampata kake kagwirizane ndi kamzere ka pamalo pake, n'kuidinikiza mpaka timapini tija tigwire. Isakakamizidwe. Ngati yakaleyo a Oscar anaiponya m'bokosi la masipanala, aifunefune okha, ndi ntchito yawo imeneyo.

Ikakana kuyaka, pitani nayo kwa wokonza, koma osati uja wofufuta. Mawu akuti kufufuta mukangowamva, nyamulani katundu wanu muzipita, chifukwa amene angakutayireni kanemayo ndi iyeyo, osati ufa. Muuzeni wokonzayo atulutse hadi disiki, akopere kanemayo mu fulashi inu muli pomwepo.

Koma mayi, inunso sindikusiyani. Chaka chonse mawu a mayi anu akhala pamalo amodzi, m'nyumba ya ana atatu ndi bambo wokonda sikuludiraiva, chifukwa choti mumalanga Christina. Mukanamupatsa tsiku lomwe anapempha, bwenzi lero mukungomuimbira foni kuti akutumizireni. Umenewu si mlandu wa a Oscar, ndi wanu.

Choncho ikangoyaka, musadikire Loweruka. Musayambe n'kuonera, musayambe n'kulira. Tumizani kaye kwa Christina. Pa zidzukulu zomwe ama ankatchula zija, ndikhulupirira kuti ana akenso alipo.