Amayi Aona Mapiri a Kwawo

Okondedwa achimwene,

Muli bwanji ku Joniko? Kuno tili bwino, kungoti amayi miyendo ikuwavutabe.

Sabata yatha abusa anatibwereka kanyumba ka mishoni ka m'mbali mwa nyanja ya Chilwa kuti amayi akapumuleko. Tinanyamula mpunga ndi miphika, matemba n'kumagula kwa asodzi, tikudziphikira tokha. Tsiku lachitatu m'mawa ndinawapeza pakhonde akuyang'ana mapiri a kutsidya.

"Kuseri kwa mapiri awo ndinasiyako amayi anga," anatero. "Ndinawauza kuti ndibwerako msanga, mpaka lero."

Sanalire, koma tsiku limenelo sanadye. Anafunsa za inu kawiri.

Achimwene, bulangete munawalonjeza lija musatumize pa positi. Mubwere nalo nokha mvula isanagwe. Ambuye akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Esinati