Nkhono za M'kasupe wa Bambo

Wokondedwa mlongo wanga Wendell,

Ndikhulupirira uli bwino ku Alaska kumeneko pamodzi ndi mlamu wanga Darlene ndi ana. Kodi chifuwa chija chinakusiya? Kuno ku Alabama tadzuka bwino, kungoti amayi akudandaulabe bondo.

Khala pansi ndikuuze. Ndapambana!

Ukukumbukira nkhono zakuda zing'onozing'ono za m'kasupe wa kuseri kwa khola, zomwe unkandiponyera m'malaya tili ana? Mabuku ankati ndi nkhono wamba za m'mitsinje yonse. Amene anaziika m'gulu limenelo ndi a Pulofesa Hargrove, omwe anandiphunzitsa ntchito yangayi yofufuza zamoyo.

Ife tikamaika zamoyo m'magulu timalondola chibale: banja, kenako fuko, pomaliza mtundu weniweni. Chigoba chimanamiza. Ine ndinayang'ana timano ta nkhonozo pa makina okulitsa zinthu, ndinayezetsanso DNA. Banja ndi lomwelo, koma fuko ndi lina, losadziwika, ndipo sitinazipeze kwina kulikonse.

Kumsonkhano wa akatswiri ndinafotokoza zimene ndinapeza. A Hargrove anayamba ndi kundinyogodola, ati mwana amene anamuphunzitsa kugwira mpeni wabwera kudzawasenda. Anthu anafa nazo. Ndinangowapempha kuti adzionere okha. Anasuzumira m'makinamo nthawi yaitali, kenako anavula magalasi n'kunena pamaso pa onse kuti buku lawo linalakwitsa, ndipo akunyadira kuti wowakonza ndi wophunzira wawo. Misozi inangotsika, Wendell.

Amayi nditawauza anati ndiye kuti madiresi anga amatope a kukasupe aja sankachapa pachabe. Anaphika chigumu n'kuitana azimayi onse a kwaya.

Tsopano pempho langa. Anthu ophwanya miyala aja akungodikira kuti iwe usaine, agule munda wa bambo uja, momwe muli kasupeyo. Akakumba, kasupe auma, fuko lonse lithera pomwepo. Chonde usasaine, mlongo wanga.

Ndikudziwa kuti unachoka mutayambana ndi bambo chifukwa cha malo omwewa, ndipo anatisiya musanagwirane chanza. Koma wopereka dzina la fukoli ndine, ndipo ndasankha la bambo, Odell. Likalembedwa, asayansi a dziko lonse azilitchula ife titapita kalekale. Sindilemba iwe usanavomere, chifukwa anali bambo ako nawenso.

Bwera pa Khirisimasi tidzakambirane pamaso. Amayi ayamba kale kuyala bedi lako.

Undiperekere moni kwa Darlene, ndipo ana uwapsompsone. Ambuye akusungeni nonse m'chisanu chimenecho.

Ndine mlongo wako,
Loretta